Kachala Kokhota ka Amman

Kwathu ku Kallanur mwana amaphunzira kuwerenga pa nsanamira za m'kachisi asanaone n'komwe choko cha aphunzitsi. Zilipo zana limodzi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo palibe ziwiri zofanana. Thenmozhi anakwawa pakati pa nsanamira zimenezi, anachitiramo chibisalirano, anakwapulidwapo chifukwa chopisa dzanja m'kamwa mwa mkango wamwala pofuna kutulutsa mpira umene umagubuduzika kuseri kwa mano ake. Mpirawo sutuluka. Amene anasema mkangowo anausemera m'kati momwemo zaka mazana asanu ndi atatu zapitazo, n'kumwalira osasiya ngakhale dzina.

Tsopano anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, koma sankathabe kudutsamo osachepetsa liwiro. M'mawa wa Lachiwiri limenelo, dengu la nkhata za maluwa lili m'chiuno, anaimanso pansi pa unyolo wamwala wolendewera kudenga: mphete khumi ndi ziwiri zokolana, zonse zotuluka m'thanthwe limodzi, popanda polumikiza. Kuwala kwa dzuwa kunali kutangosuzumira pachipata. Kunayamba ndi ziboda za akavalo amwala oima ndi miyendo iwiri, kunakwera m'misempha ya m'khosi mwawo, n'kukafika kwa atsikana ovina a pamwamba, amene tsitsi lawo lolukidwa ungathe kuliwerenga chingwe ndi chingwe. Thupi lake linachita tsembwe. Pali anthu amene amati chinthu ukachizolowera chimasukuluka. Anthu amenewo sanaimepo m'kachisi wathu dzuwa likutuluka.

Anapereka nkhata kwa wansembe, n'kugwada pakhomo la chipinda cha Amman, mulungu wamkazi amene timamutcha mayi wathu, chimene chinali chopanda mwini kwa chaka chathunthu. Muzu wa mkuyu unang'amba denga, mwala unagwa n'kuthyola mkono wa Amman wakale, ndipo fano lothyoka kapena lolakwika silipembedzedwa. Analitsitsira m'dziwe la kachisi amayi akulira ngati pamaliro. N'chifukwa chake komiti, imene wapampando wake anali bambo ake a Thenmozhi, a Alagesan, inaitanitsa wosema miyala kuchokera kutali. Inkayembekezera nkhalamba ya imvi. Kunabwera Kathiravan.

* * *

Chisakasa chake cha masamba a kokonati chinali kuseri kwa mpanda wa kachisi. Thenmozhi anayang'ana uku ndi uku asanalowe.

"Wachedwa," anatero Kathiravan osacheuka. "Timabelu ta kumiyendo kwako tinaima kawiri. Ndimamva."

"Ndinaima pa unyolo."

"Unyolo umene uja udzandilanda mkazi ine."

"Mkazi wake uti? Munakwatira liti, a Fumbi inu?"

Ankamutcha choncho chifukwa fumbi la mwala silinkamuchoka m'nsidze ndi m'tsitsi, moti mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi ankaoneka ngati wayamba kale imvi. Chibwenzi chawo chinali cha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo chinali chobisa. Sichikanatheka mwina. Thenmozhi anali wa Vetrivel, mwana wa azakhali ake, kuyambira tsiku limene anabadwa. Pakati pa asuwani otere akuluakulu safunsa, amangodikira kuti ana akule. Komanso Kathiravan anali wa anthu a nyundo, ndipo anthu a minda ya maluwa, monga a kwawo kwa Thenmozhi, amawalemekeza anthu a nyundo m'kachisi, osati pamphasa ya ukwati. Chiyembekezo chawo chinali chimodzi chokha, Lachisanu. Amman watsopano akadzaima m'chipinda chake, mudzi wonse ukutchula dzina la Kathiravan, m'pamene iye adzatumize akuluakulu a kwawo kwa a Alagesan. Munthu amene wakubwezerani mayi wanu n'kovuta kumutsekera chitseko. Chofunika chinali chakuti pasapezeke wodziwa kanthu tsikulo lisanafike.

"Lachisanu ndikhala bambo, ukudziwa?" anatero Kathiravan akupukuta manja.

"Bambo wopanda mkazi."

"Usaseke. Amene watsegula maso a Amman ndiye bambo ake. Chaka ndi chaka pa ukwati wa Amman azinditumizira uthenga, ndizibwera kudzapereka mwana wanga kwa mkamwini. Agogo anga ali ndi ana aakazi asanu ndi anayi amwala, aliyense mudzi wake. Ine uyu ndiye mwana wanga woyamba."

"Ndiye mundionetse mwanayo, ndione ngati wafanana ndi bambo ake kunyansa."

Kathiravan anazengereza. Miyezi isanu ndi inayi fanolo linali lofundidwa nsalu, ndipo ngakhale a komiti ankangoona mapazi.

"Bwera," anatero. "Akadali mwala. Sakuona."

Anakoka nsalu.

Thenmozhi sanaganize zogwada, anangozindikira mawondo ake afika pansi. Amman anaima chiuno chitapendekera pang'ono, dzanja lamanja litagwira duwa, lamanzere lili lende m'mbali, ngati mtsikana amene akudikira munthu pakhomo. Mwalawo unali wakuda bii, wosalala ngati madzi a pansi pa chitsime. Mikanda ya m'khosi inkaoneka kuti ukaigwira ilira. Nsalu yamwala inakwinyika pabondo, ndipo pamimba panali timizere titatu ta munthu amene amapuma. Poyenera kukhala maso panali posalala, popanda kanthu, komabe Thenmozhi anachita manyazi kuyang'ana nkhope imeneyo nthawi yaitali. Anali atakhulupirira moyo wake wonse kuti amene anasema unyolo ndi mkango anatha, kuti manja otero Mulungu anasiya kupanga. Tsopano manjawo anali apa, akununkha thukuta, ndipo dzulo lomweli anamugwira patsaya.

"Kathir," ananong'ona, "mwachita bwanji zimenezi?"

"Sindidziwa. Ndimangochotsa zimene si iye."

Maso a Thenmozhi anatsika ndi mkono wamanzere uja, paphewa, pachigongono, pa zibangili, mpaka kuzala. Pamenepo maso ake anaima.

Kachala kakang'ono ka Amman kanali kokhota. Kanapindikira kunja pa mfundo yapakati, ndendende ngati kake. Thenmozhi anathyoka kachala kameneko ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri ataterereka pa masitepe a dziwe, ndipo kanapola chokhota. Kusukulu ankamutcha Kambedza. Mu Kallanur monse munalibe munthu amene sankakadziwa.

"Ichi n'chiyani?"

Kathiravan anayang'ana. Anatenga ulusi wake woyezera, anayeza, anayezanso, n'kukhala pansi pafumbi.

"Ndinayeza chilichonse," anatero ndi mawu otsika. "Mphuno, khosi, mapazi, zonse monga analembera makolo. Ichi sindinachione, Thenmozhi. Ndikulumbira pa nyundo yanga. Miyezi yonseyi ndakhala ndikuyang'ana manja ako ukuluka maluwa. Dzanja langa linangotsata."

"Wongolani."

"Mwala sauwonjezera, amangouchotsa. Kuti ndiwongole ndiyenera kupala mpaka katsale ngati kamtengo ka machesi. Kakathyoka, Amman uyu atsikira m'dziwe ngati mnzake uja."

"Nanga Appa, bambo anga, akaona?"

Asanayankhe, panja panazima njinga yamoto. Kathiravan anaponya nsalu mofulumira, koma nsaluyo inakodwa paphewa la fano, mkono wamanzere n'kutsala pamtunda.

Vetrivel analowa akuwerama, pakuti anali wamtali, wa ndevu za pamlomo zimene ankazisamala kuposa lole yake yonyamula maluwa.

"Amisiri, malume akuti Lachinayi m'mawa abwera anthu odzanyamula..." Maso ake anagwera pa mkono uja. Anayang'ana dzanja lamwala. Anayang'ana dzanja la msuwani wake limene linagwira dengu. Anayang'ananso lamwala, nthawi yaitali. "Ntchito yabwino," anatero. "Tiye, Thenmozhi, ndikakusiye kunyumba."

* * *

Masana a Lachitatu pakhonde la a Alagesan panali phiri la maluwa a jasimini. Thenmozhi ankaluka ndi azakhali ake, a Ponnammal, mayi ake a Vetrivel, amene mudzi wonse unkangowatcha Athai. Chimwalirireni mayi ake a Thenmozhi, Athai ndiwo ankalamula m'nyumba ya mchimwene wawo, ndipo pakamwa pawo panali lumo.

"Nkhata yaitali chonchi n'nja ndani? Ya njovu?"

"N'nja Amman, Athai. Ndikufuna itsike paphewa mpaka kukulunga dzanja."

"Kukulunga dzanja! Atsikana a masiku ano. Ife tinkaluka nkhata ya m'khosi, Amman osadandaula." Anadula ulusi ndi mano. "Zikatha za Lachisanuzi tiona tsiku lanu. Ndatopa n'kufunsidwa pamsika. Mwana wanga akalamba akudikira ngati ng'ombe yomangidwa pafupi ndi msipu."

Foni inanjenjemera pansi pa maluwa. Athai atalowa m'nyumba kukaona mpunga pamoto, Thenmozhi anaitulutsa. Unali uthenga wa Kathiravan.

"Ndayesa kupala pang'ono. Mwala walira moipa. Ndasiya."

"Musakhudzenso," analemba. "Ndibisa ndi nkhata."

"Nanga posambitsa? Amachotsa zonse."

"Pamakhala utsi wa lubani. Anthu amayang'ana nkhope."

"Msuwani wako sayang'ana nkhope."

Asanayankhe, chithunzithunzi chinagwera pa maluwa. Vetrivel anakhala pa sitepe, n'kutola duwa limodzi, n'kumalizunguza pakati pa zala.

"Kachala kaja ndimakadziwa kuposa iye," anatero osamuyang'ana. "Ndine ndinakubereka kuchokera kudziwe mpaka kuchipatala. Unandilumanso paphewa. Chipsera chilipo."

"Ndikukumbuka."

"Ndiye mlendo angobwera ndi nyundo yake, miyezi ingapo, basi wakuika m'mwala? Ine zaka zonsezi ndakuika kuti?"

Thenmozhi anamumvera chisoni, ndipo chisonicho chinamukwiyitsa. Vetrivel sanali munthu woipa. Vuto lake linali lakuti anauzidwa ali mwana kuti mtsikanayu ndi wake, ndipo anakhulupirira monga munthu amakhulupirira dzina lake.

"Ukufuna chiyani, Vetri?"

"Uwauze malume kuti wavomera ukwati wathu. Ukatero, Lachisanu ine ndine wakhungu. Amisiri alandira ulemu wawo, akwera basi, nkhani yatha."

"Ndikakana?"

"Ndifunsa funso limodzi lokha pamaso pa anthu."

"Ungamize Amman chifukwa cha nsanje?"

"Wamumiza ndi amene ankasema maso ali pa mkazi wa mwini."

"Sindine mkazi wako."

Vetrivel anaponya duwa lija pamulu, n'kuimirira. "Uli ndi mawa lonse," anatero.

Lachinayi linadutsa Thenmozhi osanena kanthu kwa bambo ake. Analuka nkhata yake mpaka zala zinatupa.

* * *

Lachisanu zitoliro zazitali ndi ng'oma zinayamba kusanache bwino, ndipo pamene dzuwa linkafika pa ziboda za akavalo, m'kachisi munalibe poponda. Anthu anakwera m'munsi mwa nsanamira, ana ali pamapewa. Pamwamba pawo milungu, mikango ndi ovina amwala ankayang'ana pansi monga akhala akuchitira kwa mibadwo makumi atatu, ndipo mu utsi wa lubani zinkaoneka ngati nawonso apanikizana kudzaona.

Thenmozhi anaima kutsogolo pamzere wa atsikana asanu ndi anayi onyamula nyale. Amman anali kale m'chipinda chake, kuseri kwa katani yoyera, atavala nkhata yaitali ija. Dzanja lake lamanzere Thenmozhi analibisa m'mphepete mwa nsalu yake ya sari.

Kathiravan anatulukira atasamba, atavala nsalu yoyera, pachifuwa pali pamtunda. Kwa nthawi yoyamba analibe fumbi, ndipo ankaoneka mlendo. Wansembe wamkulu, nkhalamba imene inkayenda mogwira khoma, anamupatsa singano yagolide ndi kanyundo kasiliva pa mbale ya mpunga. Kathiravan analowa yekha kuseri kwa katani. Ng'oma zinaleka.

Anthu oposa chikwi anakhala chete moti njiwa za pansanja ya kachisi zinkamveka. Kenaka kunamveka kaphokoso kakang'ono, ngati dontho logwera m'mtsuko. Kanamvekanso. Thenmozhi anaiwala Vetrivel, anaiwala bambo ake, anaiwala kachala. Kuseri kwa nsalu imeneyo munthu amene iye ankamutcha a Fumbi ankadzutsa mwala.

Maso a Amman akangotseguka sayenera kuyamba kugwera pa munthu, chifukwa mphamvu yake palibe angaipirire. Choncho analowetsa kalilole kuti ayambe wadziona yekha. Analowetsa ng'ombe ndi mwana wake. Analowetsa mbale za mbewu. Kenaka katani inagwa, ng'oma zonse zinaphulika pamodzi, mabelu analira, ndipo Amman anayang'ana Kallanur.

Amayi ena analira mokweza. Nkhalamba zinagona chafufumimba. Thenmozhi anakweza nyale yake, misozi ikutsika osaipukuta. Maso aja anali aatali, odekha, ndipo kulikonse kumene munthu anaima ankaona kuti akuyang'ana iyeyo. Lachiwiri lija anagwadira luso la munthu. Lero luso silinkaonekanso, panali mayi basi.

Kuyambira nthawi imeneyo chitsulo sichikhudzanso mwala. Kathiravan anaika singano pambale, n'kubwerera m'mbuyo.

Ndiye inafika nthawi yosambitsa. Wansembe wamng'ono anachotsa nkhata ya m'khosi, n'kumasula yaitali ija imene Thenmozhi anailuka masiku awiri. Anathira madzi, anathira uchi, kenaka mtsuko wa mkaka. Mkaka woyera unatsika pa mwala wakuda, pamphumi, pamapewa, m'mikono, ukuonetsa mzere uliwonse umene maso sakanauona. Unafika kudzanja lamanzere, unagawikana m'zala, n'kumadontha kunsonga ya kachala kokhota.

"Malume," anatero Vetrivel. Sanakuwe, koma ng'oma zinali zitangopuma. "Ndifunse nawo. Kachala ka Amman kaja, amisiri anakaona kuti?"

* * *

Mphekesera inayenda kuchokera kutsogolo mpaka kuchipata ngati moto wa m'munda wa nzimbe. Mitu inatembenuka kuchoka kwa Amman kupita kwa Thenmozhi. Wina anatchula dzina la kusukulu lija, Kambedza. Athai anamugwira mkono, n'kusolola dzanja lake m'sari, n'kulikweza. Panalibe chokana. Zala ziwirizo zinali ngati chimodzi.

Wansembe wamkulu anapempha ulusi. Anayeza kachala kamwala, n'kupukusa mutu.

"Sikali pa muyeso wa makolo," anatero. "Ngati n'kulakwitsa kwa wosema, fanoli n'lolakwika, ndipo malo ake ndi m'dziwe. Ngati wosema anaikapo thupi la mkazi amene amamukhumba, ndiye n'zoipa koposa." Anatembenukira kwa Kathiravan. "Mwana wanga, unachita dala?"

"Ayi, Ayya."

"Nanga kanabwera bwanji?"

Kathiravan anaweramitsa mutu. Thenmozhi anayang'ana Amman, mkaka ukadali kudontha, maso amene angotseguka kumene. Anaganiza za zingwe, za amuna akumutsitsa pa masitepe aja, za madzi obiriwira akutseka nkhope imeneyo. Mtima wake unakana.

Amene sanayankhule mpaka tsopano anali a Alagesan. Anali munthu wamfupi, wosapupuluma, amene ankatha kudziwa kuti mvula ibwera poyang'ana mmene jasimini watsekera. Anayang'ana mwana wawo, ndipo Thenmozhi anadziwa kuti bambo ake aona zonse: miyezi isanu ndi umodzi, chisakasa, nkhata yaitali. Anayang'ana Kathiravan. Anayang'ana khamu limene linkadikira kuti liuzidwe ngati likhale ndi mayi kapena manyazi. Kenaka anapita patsogolo pa Amman, n'kugwada.

"Ayya," anatero akudzuka, "mnyamatayu wayeza mphuno bwino, khosi bwino, mapazi bwino. Munthu woyeza chonchi sangaphonye kachala. Dzanja la wosema silikhota lokha. Mwana wanga anathyoka chala chimenechi pa masitepe a Amman, m'madzi a Amman. Kuyambira ali ndi zaka khumi palibe tsiku limene Amman anagona osavala maluwa a m'manja mwake. Ngati mayi wafuna kubwera ndi dzanja la mtsikana amene amamuveka, ndife yani kuti timuyeze ndi ulusi?"

Kachisi yense anapuma mpweya umodzi. Wansembe wamkulu anayang'ana kachala kaja nthawi yaitali, n'kugwetsa ulusi pansi, n'kuika manja pamodzi. Mayi wina wachikulire anakankha anthu, anafika pa Thenmozhi, n'kumugwira mapazi. Anatsatira wina, ndi winanso. Ena ankakweza ana awo kuti akhudze dzanja lake.

Athai analisiya dzanjalo ngati lawaotcha.

"Ayi," anatero akubwerera m'mbuyo. "Ine sindingathe. Ndizimutuma kutsuka miphika ndi dzanja limene lili pa Amman? Ndizimukalipira bwanji? Vetri, mwana wanga, tikakupezera wina. Uyu watikulira."

"Amma..."

"Ndanena."

Vetrivel anaima kakasi, funso lake litamudya yekha. Thenmozhi sanakhulupirire makutu ake. Chingwe chimene anamangidwa nacho tsiku lobadwa chinaduka pamaso pa mudzi wonse, ndipo anachidula ndi Athai eni ake. Amman wapulumuka, Kathiravan wapulumuka. Anamuyang'ana kudutsa mu utsi, ndipo anaona kuti nayenso akulimbana ndi kumwetulira.

Koma a Alagesan anali asanamalize.

"Ayya, mundikumbutse mwambo," anatero modekha. "Amene watsegula maso a Amman timamutcha ndani?"

"Bambo ake."

"Ndiye ngati Amman ndi mwana wanga agawana dzanja limodzi, mnyamatayu ndi ndani kwa mwana wanga?"

Wansembe anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nkhope ikuwala ngati munthu amene waona chinthu chokongola. "Ndi bambo ake," anatero.

Anthu anavomereza ndi chimwemwe. Ankaona ulemu waukulu, mlendo akulandiridwa m'banja la wapampando. Mwa anthu chikwi aja, anayi okha ndiwo ankadziwa chimene chinkachitika, ndipo mmodzi mwa iwo, Vetrivel, anayang'ana pansi.

"Thenmozhi," anatero a Alagesan, "gwira mapazi a bambo ako. Amisiri, mudalitseni mwana wanu. Tsiku la ukwati wake mudzaima pambali panga, tidzamupereke limodzi."

"Appa," ananong'ona Thenmozhi.

Bambo ake anamuyandikira ngati akumukonza duwa la m'tsitsi. "Njira zilipo ziwiri, mwana wanga," anatero motsitsa, ndipo m'mawu awo munalibe ukali. "Kaya Amman anasankha dzanja lako, kaya mnyamatayu ankasema chibwenzi chake. Ukafuna yachiwiriyo, nena, ndikaitane a zingwe."

Thenmozhi anapereka nyale yake kwa mtsikana wa pambali. Kuchoka pamene anaima kufika pamene panali Kathiravan panali mapazi asanu ndi awiri, ndipo timabelu ta kumiyendo kwake tinalira pa lililonse. Anagwada. Mapazi a Kathiravan anali osambitsidwa bwino, koma m'mbali mwa chikhadabo chimodzi munatsalira kafumbi koyera. Anaikapo manja ake onse awiri.

Dzanja la Kathiravan linaima m'malere pamwamba pa mutu wake. Thenmozhi ankamva kutentha kwake. Anadziwa kuti mnyamatayu ali pafupi kukana, kunena zoona pamaso pa onse, kutaya miyezi isanu ndi inayi ndi dzina la agogo ake chifukwa cha iye. Anamukonda pa nthawi imeneyo kuposa tsiku lina lililonse. Koma pamwamba pa phewa lake Amman ankayang'ana, ndipo anali asanathe ngakhale ola limodzi akuona.

Anafinya phazi lake ndi kachala kokhota kaja.

"Nenani," ananong'ona.

Dzanja linatsika pa tsitsi lake, lolemera ngati mwala.

"Ukhale ndi moyo wautali," anatero Kathiravan, "mwana wanga."

Ng'oma zinayambanso. Wansembe anaveka Amman nkhata yaitali ija, koma ulendo uno anaipinda bwino paphewa, kuti dzanja lizioneka.